Zimene ndinaona pofufuza makemikolo a m'duwa la periwinkle

Pa chaka chomaliza cha digiri ya sayansi, ambiri mwa ife amene tinkaphunzira kemisitiri tinagwera pa mapulojekiti ofanana: kuthyola masamba a chomera china, kuwayanika, kuwasinja, n'kufufuza kuti muli makemikolo anji. Chifukwa chake n'chosabisika. Masamba sagula, ndipo mankhwala ambiri oyezera amakhala alipo kale m'sitolo ya labu. Anzanga anathamangira nimu, chammwamba ndi mitengo ina imene asing'anga amaitchula kawirikawiri. Ine ndinatenga duwa la pakhomo, periwinkle, limene dzina lake la sayansi ndi Catharanthus roseus. Mukulidziwa ndithu, ngakhale dzinalo likhale lachilendo. Ndi kachitsamba kolekeza m'mawondo, masamba ake obiriwira monyezimira okhala ndi kamzere koyera pakati, maluwa ake apinki kapena oyera a timasamba tisanu. Kamamera m'mbali mwa khonde, pasukulu, pabwalo la tchalitchi, ngakhale m'ming'alu ya simenti, ndipo chilimwe sikachiopa.

Ndawerengapo malipoti ambiri a ophunzira a m'mbuyo mwathu, ndipo ochuluka amathera malo amodzi. Pamakhala tebulo la zizindikiro za + ndi −, kenako chiganizo chakuti chomerachi chili ndi magulu a makemikolo otchedwa ma alkaloid, ma flavonoid ndi ma tannin, choncho chingathe kuchiza matenda akutiakuti. Mawu akuti "choncho" amenewo ndi amene andichititsa kulemba nkhaniyi. Pakati pa madzi osintha mtundu m'kachubu ndi mankhwala ochiza munthu pali mtunda wautali kwambiri, ndipo periwinkle ndi amene anandionetsa kutalika kwake.

Kwawo kwenikweni kwa chomerachi ndi ku Madagascar, koma maluwa ake anachifikitsa m'mayiko onse otentha. Ku Jamaica anthu ankamwa tiyi wa masamba ake, ati pochiza matenda a shuga. M'chaka cha 1952 masamba ochokera kumeneko anafika m'manja mwa Robert Noble pa University of Western Ontario ku Canada. Makoswe atabayidwa ndi madzi a masambawo, shuga sanatsike monga ankayembekezera. M'malo mwake maselo oyera a m'magazi anachepa kwambiri, ndipo makoswewo ankafa ndi majeremusi amene thupi labwino likanawagonjetsa. Noble ndi katswiri wa kemisitiri Charles Beer analondola chimene chinkapha maselowo, mpaka mu 1958 anapatula vinblastine. Ku kampani ya Eli Lilly ku America, Gordon Svoboda ndi anzake anapatula mnzake wa vinblastine, dzina lake vincristine, amene analoledwa kugwiritsidwa ntchito mu 1963. Onse awiri ndi mankhwala a khansa mpaka lero. Taonani kuti anthu ankafuna mankhwala a shuga, koma chimene chinatuluka n'china.

Nditawafotokozera mbiri imeneyi aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga, ndili wokondwa kuti nanenso ndikapatula vinblastine, iwo anangondikankhira pepala.

"Tatengani pensulo muwerengere kaye," anatero. "Galamu imodzi ya vinblastine imafuna masamba ouma okwana makilogalamu pafupifupi 500. Inu mukhala ndi angati?"

Ndinati magalamu 100 a ufa. Masamu ake ndi a ku pulayimale: kilogalamu imodzi ipereka mamiligalamu 2, ndiye magalamu 100 apereka mamiligalamu 0.2, ngati palibe chotayika n'chimodzi chomwe. Sikelo ya mu labu yathu ikanavutika n'kuyeza komwe. Vincristine ndiye amachepa kuposa pamenepo. Komanso awiriwa amabisala pakati pa ma alkaloid ena oposa 130 amene chomerachi chimapanga. Cholinga cha pulojekiti chinasintha tsiku lomwelo. Tinagwirizana kuti ndione magulu a makemikolo amene ali m'masamba ndi m'mizu, ndipatule gulu la ma alkaloid, ndiyerekeze masamba ndi mizu, basi. Apa m'pamene ndinaona ubwino wosankha chomera chofufuzidwa kale. Yankho limadziwika, choncho chimene ukuyesa ndi manja ako ndi njira zako. Ngati buku likuti chinthu chilipo koma iwe sukuchiona, kapena likuti palibe koma iwe ukuchiona, umadziwa kuti pali pofunika kubwerera. Amene anatenga mtengo wosafufuzidwa analibe powonera.

Ntchito yoyamba siichitikira mu labu. Muyenera kutsimikiza kuti chomera mwathyolacho ndi chimene mukuchitchulacho. Ndinazula chimodzi chathunthu, cha maluwa ndi tizipatso take tiwiri tooneka ngati tinyanga, n'kuchipanikiza pakati pa manyuzipepala ndi mabuku olemera. Ndinalemba malo, tsiku, mtundu wa dothi ndi mtundu wa maluwa, chifukwa duwa likauma mtundu umafwifwa. Chitsanzo chotere chimapita kwa akatswiri a zomera, monga a ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, kuti achizindikire ndi kuchisunga pa nambala imene mumailemba m'lipoti. Ena amaona ngati ndi mwambo chabe. Koma dzina lakuti periwinkle amalitchulanso zomera za ku Ulaya za mtundu wa Vinca, zimene makemikolo ake ndi ena, ndipo mabuku akale amalemba chomera chathuchi kuti Vinca rosea. Munthu wosasamala pa intaneti akhoza kukopera zotsatira za chomera china n'kumayerekeza ndi zake.

Pothyola, ndinasiyanitsa za maluwa apinki ndi za maluwa oyera, masamba paokha, mizu payokha. Ndinapewa za m'mbali mwa msewu ndi za pamalo pamene amapoperapo mankhwala a tizilombo. Musanyamulire masamba aawisi m'jumbo n'kumanga kukamwa. Amachita thukuta n'kuda musanafike. Thumba la pepala kapena la nsalu ndiye labwino. Kuyanika n'kwa pamthunzi, pamalo podutsa mphepo, mukutembenuza tsiku ndi tsiku. Dzuwa ndi kutentha zimawononga makemikolo ena. Ngati mukugwiritsa ntchito uvuni ya labu, isapitirire madigiri 40. Amene pulojekiti yawo imagwera m'dzinja samalani ndi chuku. Mnzanga wina anayanika masamba ake m'chipinda chotseka mu Febuluwale, ndipo anamera ubweya woyera. Chuku nacho chimapanga makemikolo ake, ndiye ukasinja masamba otero sudziwa kuti ukuyeza chomera kapena chukucho. Anataya onse n'kuyambiranso. Dziwaninso kuti masamba akauma amapepuka modabwitsa, choncho thyolani ochuluka kuposa mmene maso akukuuzirani.

Kusinja kuchitikire mu labu, ndi kamtondo ka labu kapena makina ake. Osati mtondo wa kunyumba, ndipo kuchigayo ndiye ayi ndithu, chifukwa wobwera pambuyo panu akugayitsa mgaiwa wa ana. Fumbi la periwinkle ndi lowawa, limatsalira kukhosi, choncho valani chotseka pamphuno.

Ufawo ndinauviika mu methanol m'botolo lotseka bwino, ndi kuliika m'kabati mwa mdima, ndikumaligwedeza nthawi ndi nthawi. Ena amakonda njira yowiritsa yotchedwa Soxhlet chifukwa imaoneka ya sayansi kwambiri pa chithunzi, koma imaphika ufawo kwa maola ambiri, komanso magetsi akazima pakati ntchito imaima. Kuviika sikudalira magetsi. Nditasefa, ndinauluza methanol uja pa makina otchedwa rotary evaporator, ndipo pansi pa botolo panatsala zomata zobiriwira moderako. Zimenezo ndiye chuma chonse cha pulojekiti.

Tsopano gawo limene aliyense amalikonda, la timachubu. Kwa ma alkaloid pali mankhwala atatu odziwika. Ukasungunula pang'ono zomatazo mu asidi wochepa mphamvu n'kudonthezamo Dragendorff, mumatuluka timibulu ta mtundu wa olenji timene timadikha pansi. Mayer amapereka toyera mwa kirimu, Wagner tofiira moderako. Pa periwinkle onse atatu anayankha mosakayikitsa, makamaka pa mizu. Ferric chloride anadetsa madzi a masamba, kusonyeza ma phenol. Ma saponin amayezedwa pokhutchumula madzi n'kuona ngati thovu likhalitsa. Ma flavonoid amafuna kachidutswa ka magnesium ndi madontho a hydrochloric acid wamphamvu, ndipo umayembekezera mtundu wapinki kapena wofiira. Vuto n'lakuti madzi a masamba ndi obiriwira kale kwambiri, ndiye kusintha kochepa sikuoneka, ndipo munthu amene akufuna kuona pinki amamuona ndithu. Njira yake ndi kuika timachubu titatu pamodzi, kutsogolo kwa pepala loyera: ka madzi a chomera okha, ka mankhwala oyezera okha, ndi kosakaniza. Mukatero itanani mnzanu amene sakudziwa kuti kachubu kati ndi kati, anene chimene akuona.

Kodi + ameneyo akutanthauzanji? Zili ngati kumva kuti m'mudzi uno muli a Phiri. N'zoona alimo, koma sunadziwe kuti ndi a Phiri ati, alipo angati, ndipo mwina wakuuzayo wasokoneza ndi a Mbewe. Caffeine wa mu tiyi ndi alkaloid. Quinine wa malungo ndi alkaloid. Nicotine wa mu fodya ndi strychnine wakupha uja nawonso ndi ma alkaloid. Pafupifupi tsamba lililonse lobiriwira lili ndi ma phenol ndi ma flavonoid, kuyambira bonongwe mpaka bulugamu. Ndiye kupeza zimenezi m'chomera si nkhani yoimbira lipenga.

Chimene chinanditsegula maso kwenikweni ndi kuyeza ma cardiac glycoside, makemikolo amene amagwira mtima. Njira imene ili m'malipoti ambiri ndi ya Keller-Kiliani. Umasakaniza madzi a chomera ndi glacial acetic acid wokhala ndi kadontho ka ferric chloride, kenako n'kupendeketsa kachubu n'kutsetsereza sulphuric acid wamphamvu m'mbali mwake kuti akakhale pansi. Pamene madzi awiriwo akumana pamayenera kuoneka kamkombero ka bulauni. Pa periwinkle wanga kamkomberoko kanaoneka bwinobwino. Koma mabuku odalirika satchula periwinkle ngati chomera cha ma cardiac glycoside. Ndinakafunsa bambo wina wachikulire amene ankayang'anira labu yathu, munthu wosalankhulalankhula amene anaona magulu ambiri a ophunzira akudutsa.

"Bambo, apa ndilembe chiyani?"

Anayang'ana kachubuko pa windo. "Musalembe kaye. Pitani mukathyole masamba awiri a oleander pa mpanda paja, muvale magolovesi. Pobwera mutengenso shuga pang'ono wa mu tiyi."

Tinayeza zitatuzo pamodzi. Madzi a shuga wamba nawonso anapereka kamkombero ka bulauni, chifukwa sulphuric acid wamphamvu amapsereza shuga ndi zinthu zina zambiri za m'chomera. Oleander yekha ndi amene anaonjezera china: madzi a pamwamba anayamba kusanduka obiriwira mwa buluu pang'onopang'ono. Periwinkle sanatero. Bambowo anafotokoza kuti njirayi imazindikira mtundu wina wa shuga umene umalumikizana ndi ma glycoside amenewa, osati mbali imene imagwira mtima, ndipo kuti wofuna kutsimikiza ayeserenso ndi Kedde, amene amapereka mtundu wa pepo. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona lipoti lonena kuti chomera chakuti chili ndi ma cardiac glycoside, ndimayamba ndafufuza ngati wolembayo anali ndi chomera china chodziwika choyerekezera. Kawirikawiri amakhala alibe. Chonsecho zoyerekezera zili pakhomo pomwe: masamba a tiyi pa ma tannin, fodya pa ma alkaloid, oleander pa za mtimazi.

Ndipatuke pang'ono pa oleander, chifukwa anthu amamubzala m'mipanda ya sukulu osadziwa. Ndi wa banja limodzi ndi periwinkle, la Apocynaceae. Ali ndi oleandrin, amene amasokoneza kayendedwe ka sodium ndi potassium m'maselo a mtima, ndipo tsamba, duwa, khungwa ndi muzu zonse ndi poizoni. Nthambi zake si nkhuni, si zotokosera m'mano, si zobayira nyama yootcha. Mnzake wa maluwa achikasu ooneka ngati belu, Thevetia peruviana, njere zake zapha anthu ambiri ku Sri Lanka ndi ku India. Lantana camara uja wadzaza m'tchire atathawa m'minda ya maluwa ali ndi ma lantadene, amene amawononga chiwindi cha ng'ombe n'kuchititsa khungu lake kupsa ndi dzuwa. Ngati pulojekiti yanu ndi ya zitsamba zokongoletsa pakhomo, muziyamba n'kuganiza kuti n'zapoizoni mpaka mutawerenga.

Kupatula ma alkaloid ndi gawo limene ndinalikonda kuposa onse, chifukwa kemisitiri ya m'kalasi imaonekera ndi maso. Ma alkaloid ali ndi nitrogen, ndipo akakumana ndi asidi amasanduka mchere wosungunuka m'madzi. Ndiye ndinasungunula zomata zija mu asidi wochepa mphamvu, n'kuthira mu separating funnel, botolo la galasi lokhala ndi kampopi pansi, pamodzi ndi hexane. Hexane amakhala pamwamba, ndipo amatenga chlorophyll ndi mafuta onse obiriwira aja, kusiya madzi achikasu pansi. Kenako ndinadontheza ammonia m'madzi achikasuwo, ndikuyeza ndi kapepala ka pH mpaka kufika pa 9. Dontho lililonse likagwa pankabuka kamtambo koyera n'kuzimiririka, kenako kosazimiririkanso, mpaka madzi onse anachita mbuu. Amenewo ndi ma alkaloid akusiya kukhala mchere. Pamenepo umathiramo dichloromethane, amene amawatenga n'kukakhala nawo pansi, chifukwa iye ndi wolemera kuposa madzi. Kumbukirani zimenezi: ndi hexane chimene mukufuna chili pansi m'madzi, ndi dichloromethane chili pansi koma osati m'madzi. Musataye gawo lililonse mpaka mutatsiriza. Pokhutchumula, tembenuzani funnel n'kutsegula kampopi pafupipafupi kuti mpweya utuluke, kukamwa kwake kutaloza kutali ndi nkhope za anthu. Mukakhutchumula mwamphamvu magawo awiriwo amasakanikirana n'kukana kulekana. Madzi a mchere wambiri amathandiza, koma kuleza mtima kumathandiza kwambiri. Pamapeto pake zimene zinatsala zinali kachigamba kochepa kachikasu pansi pa botolo, kovuta n'kukapala komwe.

Kachigamba kameneko ndi kamene ndinapita nako pa TLC, njira yolekanitsira makemikolo pa pepala lapadera. Ndi pepala la aluminiyamu lopakidwa silika, lodula mtengo, ndiye timalidula tizidutswa. Umalemba mzere ndi pensulo, osati bolopeni chifukwa inki imayenda nawo, n'kudontheza kadontho kakang'ono ka madzi a masamba ndi kena ka mizu. Kenako umaimika kapepalako m'botolo lokhala ndi zosungunulira pang'ono pansi, n'kutseka. Botolo la jamu lotsuka bwino limagwira ntchito. Madziwo amakwera okha, ndipo kemikolo aliyense amayenda mtunda wake. Kapepala kakauma kamaoneka kopanda kanthu. Ukakaika pansi pa nyali ya UV ya 254 nm, kamawala mobiriwira ndipo madontho akuda amaonekera, ondondozana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pa 365 nm mzere wa mizu unali ndi dontho lowala buluu kwambiri, limene mzere wa masamba unalibe mwa mphamvu yotero. Nditapopera Dragendorff, madontho angapo anasanduka olenji, ndipo a masamba sanali pa malo ofanana ndi a mizu.

Mabuku amanena kuti mizu ya periwinkle imasunga ajmalicine ndi serpentine, ndipo serpentine amawala buluu pa UV. Amanenanso kuti masamba ndiwo ali ndi vindoline ndi catharanthine, tizigawo tiwiri timene chomera chimalumikiza popanga vinblastine. Zimene ndinaona zinkagwirizana ndi zimenezi, ndipo mtima unkafuna kulemba mayina pa dontho lililonse. Koma dontho pa TLC silikhala ndi dzina pokhapokha utayendetsa pambali pake kemikolo weniweni wogula, wodziwika, n'kuona kuti aima pamodzi, makamaka m'zosungunulira ziwiri zosiyana. Kutenga nambala ya Rf, yosonyeza mtunda umene dontho layenda, m'pepala la munthu wa ku India n'kuyerekeza ndi yako sikukwanira, chifukwa Rf imasintha ndi chinyezi, kutentha, ngakhale mmene watsekera botolo. Makemikolo oyerekezerawa amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo ife tinalibe. Mnzanga wina anati bwanji tikapemphe kabotolo ka vincristine kuchipatala. Aphunzitsi anakana osamulola n'kumaliza komwe. Kabotolo kameneko ndi ka mwana wodwala, komanso ndi mankhwala opha maselo amene sagwiridwa popanda zida ndi maphunziro ake. M'lipoti ndinalemba kuchuluka kwa madontho, Rf ya lililonse, mtundu wake, ndi mawu akuti dontho la buluu "likugwirizana ndi zimene zimadziwika za serpentine". Sindinapitirire pamenepo.

Wofuna mayina enieni afunika HPLC, njira ya makina yolekanitsira makemikolo mosamalitsa, makamaka yolumikizidwa ndi makina oyeza kulemera kwa mamolekyu. Pamenepo catharanthine amaoneka ndi kulemera kwa 336, vindoline 456, vinblastine pafupifupi 811, vincristine pafupifupi 825. Awiri omalizawa amasiyana pa kagulu kamodzi kokha pa nitrogen imodzi, methyl kwa wina, formyl kwa mnzake. Onse amagwira puloteni ya m'selo yotchedwa tubulin n'kulepheretsa selo kugawikana. Komabe kagulu kamodziko kamasintha zambiri: vinblastine amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa khansa yotchedwa Hodgkin lymphoma ndipo amapweteka mafuta a m'mafupa opanga magazi, pamene vincristine ndi msana wa chithandizo cha khansa ya m'magazi ya ana ndipo amapweteka mitsempha, n'kuchititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi. Ngati kusiyana kochepa chonchi kumasintha matenda ochizidwa ndi mavuto obwera, ndiye + wa Dragendorff angatiuze chiyani za kuchiza?

Nkhani ya pulojekiti yanga inafika kumudzi, monga nkhani zimachitira, itasintha kale. Azakhali anga, amene ali ndi shuga, anandiimbira foni.

"Mwana wa achimwene, ndamva kuti mwapeza mankhwala m'maluwa aja ali kuseri kwa khitchini. Ndiziwiritsa angati?"

"Ayi azakhali, musawiritse. Mapiritsi a kuchipatala aja mukumwabe?"

"Ndikumwa, koma amanditopetsa."

Ndinawauza kuti tsamba limodzi silifanana ndi linzake, kuti palibe amene angawauze mlingo, ndipo kuti anthu amene anayamba kufufuza tiyi ameneyu pofuna kutsitsa shuga anakapeza chinthu chopha maselo a m'magazi. Ndinawapempha kuti za kutopazo akawauze adokotala pa tsiku la sikelo yawo. Funso lomwelo ndalimvanso kwa ena, koma la khansa, ndipo limeneli limandiwawa kwambiri. Vincristine ndi mankhwala amene madokotala a ana ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre akhala akugwiritsa ntchito pamodzi ndi ena pa Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, komanso pa khansa ya impso ya ana. Pa Kaposi sarcoma, khansa yoonekera kwambiri pakhungu, amaphatikizidwa ndi bleomycin. N'zoona kuti gwero lake ndi duwa la kuseri kwa khitchini. Koma amaperekedwa kudzera mumtsempha basi, pa mlingo wowerengedwa molingana ndi thupi la wodwalayo, chifukwa akamwedwa salowa bwino m'magazi. Kapu ya masamba owiritsa ilibe vincristine wokwanira kuchita kanthu pa chotupa, koma ili ndi ma alkaloid ena ambirimbiri amene sanaitanidwe. Ndipo Burkitt lymphoma imakula msanga kwambiri, moti masabata otayidwa pa tiyi ndi amene akanapulumutsa mwanayo. Inu amene mukulemba malipoti, dziwani kuti chiganizo chanu chomaliza chija chimatuluka mu laibulale. Wina amachijambula n'kuchiponya pa WhatsApp.

Palinso chifukwa china chimene simuyenera kunenera za mtundu wonse wa chomera mutayeza chitsamba chimodzi, ndipo chitsanzo chake ndi cha kwathu konkuno. Alimi amabzala ombwe, Tephrosia vogelii, kuti akonze nthaka ndi kupha tizilombo. Ofufuza a ku malo ofufuzira zomera a Kew ndi ku University of Greenwich ku England, pamodzi ndi anzawo a kuno, anafalitsa mu 2012 zotsatira zoonetsa kuti ombwe wa ku Malawi ali mitundu iwiri yooneka chimodzimodzi. Wina ali ndi ma rotenoid monga deguelin ndi tephrosin, amene amapha tizilombo, pamene winayo alibe. Mlimi amene anabzala wachiwiriyu akhoza kupopera mpaka kutopa, nankafumbwe osamva kanthu. Ndiye m'lipoti lembani kuti masamba a pamalo akuti, othyoledwa mwezi wakuti, anaonetsa zakuti. Ngati nthawi ilipo, kutenga zitsanzo m'malo atatu n'kuziyerekeza kumapereka lipoti lolemera kuposa kuyeza magulu khumi a makemikolo pa chitsamba chimodzi.

Musanavomere mutu wa pulojekiti, kalowe m'sitolo ya labu ndi amene amasunga makiyi, muone ndi maso anu zimene zilipo ndi masiku olembedwa pa mabotolo. Dragendorff wokhalitsa amafooka, ndipo ndi bwino kupanga watsopano ndi bismuth nitrate ndi potassium iodide n'kumuyesa kaye pa madzi a fodya. Mayer ali ndi mercury, choncho zotsala zake zisapite mu sinki. Zikhale ndi botolo lawolawo. Dichloromethane ndi chloroform zigwiritsidwe ntchito mu fume hood, kabati yokhala ndi fani yotulutsa mpweya woipa, ndipo ngati magetsi azima, fani yaima, ntchitoyo idikire. Methanol asatuluke mu labu n'kamodzi komwe, chifukwa amafanana ndi mowa koma amachititsa khungu ndi kupha. Zomata zanu muzisunge m'timabotolo ta bulauni mu firiji ya labu, osati ya zakudya, kuti mwayi wotumiza ku HPLC ukapezeka zikhale zikadali bwino. Ndipo polemba dzina pa botolo gwiritsani ntchito pensulo pa kapepala komata, chifukwa dontho limodzi la methanol limafufuta inki ya maka, n'kutsala ndi timabotolo tofanana tosadziwika kuti ka masamba ndi kati, ka mizu ndi kati.